Buluzi wa ndevu ndi kuwala kumene maso athu saona

Ndisanayambe phunziro la lero, ndiulule kaye mlandu wanga. Ndinatsala pang'ono kupha buluzi wa eni ake, ndipo ndinachita zimenezi ndili kale ndi digiri ya sayansi. Choncho amene mumaona ngati mphunzitsi salakwitsa, khalani bwino mumve.

Zinachitika chaka chimene ndinapita ku Britain kukawonjezera maphunziro. Ndinkakhala kwa azakhali anga ku Leeds, ndipo mwana wawo wotsiriza, msuweni wanga, anali ndi zaka 14, msinkhu wa ambiri a inu. Tsiku lina anatulukira ndi chibokosi chachikulu chamatabwa, kutsogolo kwake kuli galasi. Mnzake wa kusukulu ankasamuka, ndiye anamusiyira bokosilo, nyali zake ziwiri, ndi mwini nyumba yemwe: buluzi wa miyezi ngati 5, wa mutu wophwatalala, timinga m'mbali monse, akutiyang'ana ngati tili naye ngongole.

Azakhali anagwira pakamwa. "Iwe, kwathu buluzi timamupirikitsa ndi tsache. Iwe ukumulowetsa m'nyumba, mpaka kumuyatsira magetsi?" Atamva kuti chakudya chake ndi ziwala zogula m'sitolo, anangokhala pansi n'kuyamba kuseka. Ndi iwo amene anamupatsa dzina lakuti Chindevu.

Pa Chingerezi amamutcha bearded dragon, ngati kunena kuti chinjoka cha ndevu. Koma musaope, salavula moto, ndipo ndevuzo si tsitsi. Ndi khungu la pakhosi lokhala ndi timinga, limene amalifufumitsa n'kulidetsa bii akaopsedwa kapena akafuna kudzionetsa. Dzina lake la sayansi ndi Pogona vitticeps. Kwawo ndi m'katikati mwa Australia, kumadera ouma a zitsamba, miyala ndi dothi lofiira, monga kufupi ndi Alice Springs. Akakula amatha kufika masentimita 60, ndipo pafupifupi theka la utali umenewu ndi mchira. Akasamalidwa bwino amakhala zaka 10 mpaka 15. Ndiye kuti mukamutenga muli Fomu 1, mudzamaliza sekondale, mudzamaliza koleji, iye akadali pompo kudikira ziwala.

Dziko la Australia linaletsa kutumiza kunja nyama zake zakutchire kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Choncho abuluzi a mtunduwu amene amagulitsidwa m'masitolo a ziweto ku Britain, ku America kapena ku South Africa ndi oswedwera komweko, m'mabokosi. Chindevu sanaiponde Australia, ngakhale mayi ake sanaiponde. Koma thupi lake silikudziwa zimenezo. Likuyembekezerabe dzuwa la ku Alice Springs m'mawa uliwonse, ndipo ntchito yonse yoweta buluziyu ndi kumanga dzuwa limenelo m'bokosi.

Mwina mukuti nyama ya kutali chonchi ikutikhudza bwanji ife. Mumamudziwa gulo, uja wa mutu wabuluu amene amagwedeza mutu pa mtengo kapena pa khoma la kalasi? Gulo ndi Chindevu ndi a banja limodzi la abuluzi lotchedwa Agamidae. Zambiri zimene ndifotokoze pano mungakazione nokha kuseri kwa kalasi yanu.

Kutentha kongobwereka

Mu Bayoloje munamvapo zoti abuluzi ndi nyama za magazi ozizira. Mawu amenewa ine sindiwakonda, chifukwa amasocheretsa. Buluzi amene waothera dzuwa ola limodzi magazi ake amafunda pafupifupi ngati anu. Kusiyana kuli pa komwe kutenthako kumachokera. Inu ndi ine timakupanga tokha: thupi limatentha chakudya m'maselo usana ndi usiku kuti likhale pa 37°C. N'chifukwa chake phala la m'mawa likamafika nthawi ya buleki limakhala litasowa kale m'mimba. Buluzi sachita zimenezo. Kutentha kwake ndi kongobwereka, kwa dzuwa ndi kwa mwala umene dzuwa lawotcha. Dzina la sayansi la nyama zotere ndi ectotherm.

Phindu lake ndi lalikulu. Buluzi amagwiritsa ntchito pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene nyama yoyamwitsa yolemera mofanana naye imafuna. Kudera louma kumene chakudya ndi chosowa, imeneyi ndi nzeru. Koma palinso mtengo wake. Paja ma enzyme, aja amafulumizitsa ntchito za m'thupi monga kugaya chakudya, amagwira ntchito pang'onopang'ono kukazizira. Buluzi wozizidwa akadya, chakudya chimangokhala m'mimba osagayika, ndipo chikhoza kuyamba kuwola. Chitetezo cha m'thupi nacho chimafooka.

Ndiye mungati, chabwino, tingotenthetsa bokosi lonse basi. Ayi ndithu. Kutchire buluzi amasintha kutentha kwa thupi lake ndi miyendo: akazizidwa apita pa mwala, akatenthedwa alowa pamthunzi, kenako abwereranso, mpaka thupi likhale cha m'ma 35°C. M'bokosi ayenera kukhala ndi mwayi womwewo. Bungwe losamalira nyama la RSPCA ku Britain limalangiza kuti bokosi la buluzi wamkulu mmodzi likhale losachepera masentimita 120 m'litali, 60 m'lifupi ndi 60 msinkhu. Mbali imodzi, pansi pa nyali yotentha, pazikhala 38°C mpaka 42°C. Mbali inayo pazikhala 22°C mpaka 26°C. Bokosi laling'ono silingakhale ndi mbali ziwirizi, lonse limangosanduka uvuni. Nyali yotenthayo imalumikizidwa ku thermostat, kachipangizo kochepetsa moto kutentha kukapitirira, ndipo mbali iliyonse imafuna choyezera kutentha chakechake. Kuyeza ndi dzanja n'kunama. Usiku nyali zonse zimazimitsidwa, pakuti ngakhale kuchipululu usiku kumada ndiponso kumazizira. Mpweya wa m'bokosimo uzikhala wouma ndithu, chinyezi cha 30 mpaka 40 peresenti, apo ayi amadwala m'mapapo ndi pakhungu.

Ndinkakonda kumuonerera Chindevu m'mawa. Nyali ikangoyaka ankakwera pa mwala ali woderako, n'kudziphwatalalitsa ngati chitumbuwa. Fizikisi yokhayokha imeneyo: chinthu chakuda chimamwa kutentha msanga, ndipo chophwatalala chimapereka malo aakulu ku nyali. Akafunda ankayera pang'ono. Akatenthedwa ankayasama kukamwa, osati kukwiya, koma kuti chinyezi cha m'kamwa chiziuluka n'kumuziziritsa, monga thukuta limachitira kwa ife.

Mbali ya kutenthayi tinaikhoza. Vuto linali nyali inayo.

Nzeru zanga za mu Novembala

Mu Novembala kunazizira, ndipo bilu ya magetsi inakwera. Azakhali anayang'ana bokosi lija ndi diso lina. Ine, katswiri wa sayansi wa m'nyumbamo, ndinati ndiunike. Nyali yozungulira inali yotentha kwambiri, ntchito yake inali yoonekeratu. Koma panali ina yaitali ngati chubu, yowala motuwa. Ndinaigwira, inali yongofunda pang'ono. Ndinati iyi ndi yongowalitsa kuti tizimuona bwino. Ndinaizimitsa, ndipo tinakankhira bokosi moyang'anizana ndi windo kuti azilandira dzuwa lenileni laulere.

Msuweni wanga anayesa kutsutsa. "Asuweni, koma mnzanga uja anati zonse ziwiri ziziyaka."

"Dzuwa la Mulungu ndi chubu cha m'sitolo, chabwino n'chiti?" Anangokhala chete. Ndani angatsutse munthu wa digiri?

Chomvetsa manyazi n'chakuti nyali imene ndinazimitsayo ndi imene inkadya magetsi ochepa, mawati osafika n'komwe 40.

Kwa masabata angapo zonse zinkaoneka bwino. Kenako Chindevu anayamba ulesi. Tinati mwina ndi kugona kwa nyengo yozizira, pakuti abuluziwa amachitadi zimenezi: nyengo ikazizira amachepetsa kudya n'kumagona masabata ambiri, zimene zimatchedwa brumation. Maganizo amenewa anatichedwetsa, chifukwa buluzi wosakwana chaka kawirikawiri sachita zimenezi. Pofika mu Febuluwale ankakwawa mimba ili pansi, miyendo yakutsogolo ikulephera kumunyamula. Zala zake zinkanjenjemera. Tsiku lina anagwira chiwala koma analephera kuchitafuna, ndipo msuweni wanga atakhudza chibwano chake anapeza kuti chikupindika ngati labala. Mwana uja analira.

Dokotala wa ziweto sanachedwe. Anamuunika ndi X-ray, ndipo mafupa amene amayenera kuoneka oyera mbee pa chithunzi ankaoneka otuwa ngati utsi. Funso lake loyamba linali lakuti, "Nyali ya UVB munaisintha liti?" Ndinayankha kuti ndinaizimitsa miyezi itatu yapitayo, ndipo ndinafotokoza za windo. Mayi uja anandiyang'ana kanthawi ndithu asanayankhe.

Kuwala kosaoneka

Tsopano tsegulani makope, apa ndi pamene pagona phunziro.

Kuwala kwa dzuwa si chinthu chimodzi. Ndi mafunde osiyanasiyana utali, ndipo utaliwo timauyeza mu ma nanometre. Mukadula milimita imodzi m'zigawo 1,000,000, chigawo chimodzi ndiye nanometre. Maso athu amaona mafunde a pakati pa 400 ndi 700, mitundu ija ya utawaleza. Mafunde aatali kuposa pamenepa ndi infrared, amene sitiwaona koma timawamva ngati kutentha. Aafupi kuposa 400 ndi ultraviolet. Pa phunziro lathu tikufuna magulu awiri a ultraviolet: UVA, kuyambira 315 mpaka 400, ndi UVB, kuyambira 280 mpaka 315.

Galasi wamba la pawindo limadutsitsa kuwala kooneka, limadutsitsanso UVA wambiri, koma limatchinga pafupifupi UVB yense. Mukakhala kuseri kwa windo mumaona dzuwa, mumamva kufunda, koma UVB watsala panja. Chindevu anali kuseri kwa magalasi awiri, la windo ndi la bokosi. Komanso ngakhale tikanatsegula zonse, ku Britain kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa limayenda m'munsi kwambiri, moti kuwala kwake kumadutsa mtunda wautali mumlengalenga ndipo UVB wofika pansi amakhala wochepa zedi. Nzeru zanga zija zinali zolakwika kawiri konse. Ndipo pali ngozi ina imene tinaipewa mwamwayi chabe: bokosi la galasi likakhala padzuwa lamphamvu limatentha ngati galimoto yotseka mawindo, ndipo buluzi akhoza kufa chifukwa alibe kothawira.

Nanga UVB amagwira ntchito yanji? Tsatirani bwino ulendo uwu, chifukwa umachitikanso m'thupi mwanu.

M'khungu muli chinthu china chofanana ndi cholesterol, dzina lake 7-dehydrocholesterol. UVB akachimenya, chimasintha kapangidwe n'kukhala previtamin D3. Kenako kufunda kwa khungu kumachisandutsa vitamini D3. Mwaona apa kuti nyali ziwiri zija zimadalirana? N'chifukwa chake chubu cha UVB chimaikidwa mbali yomweyo imene kuli nyali yotentha, kuti buluzi akamaothera azilandira zonse pamodzi monga zimakhalira padzuwa. Vitamini D3 imalowa m'magazi n'kupita ku chiwindi, kumene imasinthidwa koyamba. Ikachoka uko imapita ku impso, kumene imasinthidwa kachiwiri n'kukhala calcitriol. Ameneyu ndiye amauza matumbo kuti atenge kashiamu mu chakudya n'kumulowetsa m'magazi. Popanda iye, kashiamu wambiri amangodutsa n'kutuluka ndi ndowe, ngakhale mutamudyetsa wochuluka bwanji.

Ambiri timadziwa kashiamu ngati chomangira mafupa ndi mano. Koma ali ndi ntchito ina ya changu kuposa imeneyi: minofu siingakokane popanda iye, mitsempha siingatumize uthenga bwino, mtima sungagunde. Choncho thupi sililola kuti kashiamu wa m'magazi atsike. Akayamba kuchepa, tiziwalo ta m'khosi totchedwa parathyroid timatulutsa hormone imene imakatapa kashiamu m'mafupa. Zili ngati mayi amene wasowa mafuwa n'kugumula njerwa zitatu pa khoma la nyumba. Lero nsima iphikidwa. Koma akamachita zimenezi tsiku ndi tsiku, khoma lija lidzatani? Chindevu ankakula, mafupa ake ankafunika kuwonjezeredwa, koma m'malo mwake ankagumulidwa. Matendawa amatchedwa metabolic bone disease, ndipo ndi amodzi mwa matenda ofala kwambiri pa abuluzi oweta. Chibwano chofewa chija chinali khoma logumulidwa, ndipo kunjenjemera kwa zala chinali chizindikiro chakuti ngakhale m'magazi kashiamu wayamba kuperewera.

Mwa ana a anthu, kusowa kwa vitamini D kumabweretsa matenda a rickets, aja mwana amakula ndi matewe chifukwa mafupa ofewa apindika ndi kulemera kwa thupi. Matendawa anavuta kwambiri m'mizinda ya mafakitale ya ku Britain m'zaka za m'ma 1800, pamene utsi wa malasha ndi timisewu topanikizana zinkabisa dzuwa. Lero a zaumoyo kumeneko amalangiza anthu kumwa mamaikulogalamu 10 a vitamini D tsiku lililonse m'miyezi yozizira, ndipo a khungu lakuda ngati ife amalangizidwa kuganizira zomwa chaka chonse, chifukwa melanin amene amadetsa khungu lathu amatchinga gawo la UVB. Kuno kwathu melanin ndi chishango chabwino, pakuti dzuwa limakhala lamphamvu chaka chonse. Ku Leeds nkhani imasintha. Ndipo imvani izi: kabotolo ka vitamini D kanali pa shelefu ya kukhitchini ya azakhali nyengo yonseyo, ndipo ine ndinkamwa m'mawa uliwonse. Ndinkadziwa chifukwa chake. Kungoti sindinalumikize kuti buluzi wa m'chipinda chinacho ali ndi vuto ngati langa lomwe.

Dokotala uja anatiuzanso china chimene chinandichepetsera manyazi pang'ono, koma pang'ono pokha. Chubu cha UVB chimafooka ndi nthawi. Chimapitiriza kuwala bwinobwino m'maso mwathu pamene UVB wake watsika kale. N'chifukwa chake chimasinthidwa pakatha miyezi 6 mpaka 12 malinga ndi mtundu wake, ndipo oweta osamala amalemba deti pa chubucho. Chathu chija palibe ankadziwa zaka zake. Chiyeneranso kukhala m'kati mwa bokosi, popanda galasi kapena pulasitiki pakati pa icho ndi buluzi, ndipo chiziyaka maola ngati 12 pa tsiku.

Ziwala zopaka ufa

Ngakhale UVB atakwanira, kashiamuyo ayenera kupezeka mu chakudya, ndipo apa palinso msampha. Tizilombo monga ziwala ndi nkhululu tilibe mafupa. Tili ndi fosiforasi wambiri kuposa kashiamu, pamene buluzi amafuna kashiamu wochuluka pafupifupi kawiri kuposa fosiforasi. Fosiforasi akachuluka amalepheretsa thupi kugwiritsa ntchito bwino kashiamu wochepa amene alipo. Oweta amathana ndi vutoli m'njira ziwiri. Amaika tizilomboto m'kathumba momwe muli ufa wa kashiamu n'kukhutchumula, mpaka tituluke titayera ngati munthu wochokera ku chigayo. Komanso amayamba adyetsa tizilomboto masamba abwino tsiku limodzi kapena awiri, kuti buluzi akadya chiwala adyenso za m'mimba mwake. Azakhali ataona mwana wawo akudulira ziwala masamba, anangoti, "Ndaona zambiri kuno, koma izi."

Buluzi wamng'ono amadya tizilombo tambiri chifukwa akukula. Wamkulu chakudya chake chambiri chimakhala masamba: mpiru, masamba a dandelion, rocket, ndi maungu osenda odula tizidutswa. Wamkulu wodyetsedwa tizilombo tokhatokha amanenepa mpaka kudwala chiwindi. Sipinachi azidya mwa apo ndi apo chifukwa ali ndi oxalate, amene amagwira kashiamu m'matumbo kuti asalowe m'magazi. Letesi woyera uja ndi madzi chabe. Mapeyala ndi anyezi sapatsidwa. Chiwala chisakule kuposa mpata wa pakati pa maso ake awiri, apo ayi chikhoza kumutsekereza m'matumbo. Tizilombo togwira m'munda ndi toopsa chifukwa tikhoza kukhala ndi mankhwala opopera mbewu. Choopsa kwambiri ndi chiphaniphani. Ku America ziphaniphani za mtundu wa Photinus zili ndi poizoni wotchedwa lucibufagin amene amasokoneza mtima, ndipo chimodzi chokha chikhoza kupha buluzi wa ndevu. Abuluzi a komweko amadziwa kuzipewa, koma mlendo wa ku Australia amangomeza.

Madzi abwino azikhalamo m'kambale kosazama, ndipo ndowe zizichotsedwa tsiku lomwelo. Nkhani ya ndoweyi ikukhudzanso inu. Abuluzi ambiri amakhala ndi mabakiteriya a Salmonella m'matumbo popanda kudwala, koma munthu akawameza amatsegula m'mimba ndi kutentha thupi. Bungwe la zaumoyo la CDC ku America lalengezapo kangapo za anthu odwala chifukwa cha abuluzi a ndevu, kuphatikizapo mu 2022, ndipo limalangiza kuti ana osakwana zaka 5 asamawagwire. Lamulo ndi losavuta: mukamugwira sambani m'manja ndi sopo, osamupsompsona, ndipo mbale zake zisatsukidwe posukira zathu. Pa lamulo ili lokha azakhali sanafune kuuzidwa kawiri.

Pomunyamula, dzanja lizibwera cha m'mbali n'kulowa pansi pa mimba, osati kuchokera kumwamba. Pamwamba pa mutu wake pali kadontho kotchedwa parietal eye, kamene sikaona zithunzi koma kamazindikira kuwala ndi mthunzi. Dzanja lotsika kuchokera kumwamba kwa iye ndi kabawi. Osamukoka mchira: nalimata akaduka mchira umaphukanso, koma wa buluzi wa ndevu ukaduka wapita. Ndipo osamupezera mnzake poganiza kuti akusungulumwa. Kutchire amakhala yekha. Awiri akaikidwa m'bokosi limodzi, wamphamvu amakhala pamwamba pa mnzake pansi pa nyali. Anthu amajambula n'kumati onani chikondi, pamene wapamwambayo akulanda mnzake kutentha ndi UVB. Ali ndi chilankhulo chawo: kugwedeza mutu mwachangu ndiko kunena kuti pano mfumu ndine, ndipo kuzunguza mwendo wakutsogolo pang'onopang'ono ngati akubayibitsa nthawi zambiri ndi kugonja.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa a Fomu 4 amene mukuphunzira za chibadwa izi zikusangalatsani. Mwa anthu, XX ndi mkazi, XY ndi mwamuna. Mwa abuluzi a ndevu ndi zotembenuza: ZZ ndi wamwamuna, ZW ndi wamkazi. Koma dzira la ZZ likafungatiridwa pamalo otentha kupitirira cha m'ma 32°C, mwanayo akhoza kuswedwa ali wamkazi, woikira mazira bwinobwino, ngakhale ma chromosome ake ndi achimuna. Mu 2015 Clare Holleley, Arthur Georges ndi anzawo a ku University of Canberra anasindikiza mu magazini ya sayansi ya Nature umboni wakuti zimenezi zimachitikanso kutchire, osati mu labu mokha. Tsono wamkazi wa ZZ akakwerana ndi wamwamuna wa ZZ, ana onse amakhala ZZ, W yasowa, ndipo chimene chimasankha mwamuna kapena mkazi chimatsala kutentha kokha. Lembani Punnett square yake muone nokha. Kenako dzifunseni chimene chingachitike kwa abuluziwa dziko likamapitiriza kutentha.

Tibwerere kwa wodwala wathu. Dokotala anatipatsa kashiamu wamadzi woti tizimudonthezera kukamwa. Tinagula chubu chatsopano, ndipo ndalama zake, pamodzi ndi za dokotala, zinatuluka m'thumba mwanga popanda wondiuza. Tinachotsa nthambi zonse zazitali kuti asagwe n'kuthyoka, ndipo kwa masabata angapo ankadya zofewa zokhazokha. Kunjenjemera kunasiya msanga. Mphamvu za miyendo zinabwerera pang'onopang'ono, ndipo pofika mu Juni anali akuthamangitsanso ziwala. Koma fupa likapindika n'kuuma, lauma. Chibwano chake cha m'munsi chinakhala chokhota mpaka lero, moti amaoneka ngati akuseka mwachipongwe. Msuweni wanga akanditumizira chithunzi pa WhatsApp amalemba kuti, "Asuweni, wodwala wanu akupereka moni."

Ena mwa inu mundifunsa komwe mungamupeze. Ine sindikulimbikitsani. Ganizirani za nyali ziwiri zoyaka maola 12 tsiku lililonse kwa zaka 10 kapena kuposerapo, chubu chosintha chaka ndi chaka, ufa wa kashiamu, ndiponso dokotala wodziwa za abuluzi. Ndipo musakagwire gulo n'kumutsekera m'katoni poganiza kuti mwapeza wanu. Katoni ilibe mbali yotentha ndi yozizira, ilibe UVB, ndipo mwamva kale zimene zimatsatira.

Gulo muphunzireni ali pomwe ali. Sankhani khoma kapena mtengo umene amakonda pa sukulu panu. Kwa masiku 5, pitanipo kasanu pa tsiku: musanalowe m'kalasi, pa buleki, masana, mukaweruka, ndi dzuwa likamalowa. Imani patali, osagenda. Lembani nthawi, ngati ali padzuwa kapena pamthunzi, mbali ya mtengo imene ali, mtundu wa khungu lake, ndiponso ngati thupi laphwatalala kapena waimika miyendo kuti mimba italikire pansi. Ngati mu labu muli choyezera kutentha, pemphani aphunzitsi akubwerekeni, muyeze pamalo amene anakhala iye akangochokapo, muyezenso pamthunzi wapafupi. Sungani kopelo. Mukachita zimenezi mu Juni, mudzabwerezenso mu Okutobala pa mtengo womwewo, ndipo mudzayerekeze nthawi imene gulo amatulukira m'mawa ndi nthawi imene amathawira pamthunzi.